Funsani Akulu: Kabotolo ka mankhwala a nsikidzi kopanda dzina, kodi boma limalola?

FUNSO: Akulu, ndine mayi wa ana atatu ku Ndirande. Nyumba yomwe tikuchita lendi nsikidzi zatikwana, ana amangodzikanda mpaka mbandakucha. Sabata yatha ndinagula mankhwala kwa mnyamata wina woyenda nawo mumsika, anathira mukabotolo ka mafuta odzola kopanda pepala lililonse, fungo lake eeh, anangoti "mayi kachivindikiro kamodzi mu malita awiri a madzi muwaze pamatiresi basi". Nditawaza, mwana wanga wamng'ono anayamba kutsokomola ndi kuchucha dovu, ndinathamangira naye panja mpaka anakhalako bwino. Bambo akunyumba akuti zimenezi nzoletsedwa, ine ndikuti zikanakhala zoletsedwa bwenzi akugulitsa masanasana aliyense akuona? Mnyamata yemweyo alinso ndi tameki wa makoswe ndi mapiritsi oika muchimanga. Malamulo amati chani?

Mayi wodandaula, Ndirande

YANKHO: Mayi, tisanafike kumalamulo tiyambe ndi mwanayo. Dovu lija silinali lamasewera ayi. Kuchucha dovu, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kubanika, zimenezi ndi zizindikiro za chiphe cha gulu lomwe madokotala amati organophosphate, ndipo chimalowa ngakhale pakhungu kapena popuma, sikuti mpaka munthu amwe. Pitani naye kuchipatala akamuone, kabotolo katengeni akaone. Zikadzachitikanso mumuvule zovala, mumusambitse ndi sopo, muthamange. Zomumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa dala zija zisiyeni, mumangotaya nthawi, kuchipatala kuli jakisoni wa atropine yemwe amagwiradi ntchito. Matiresi aja mwana asagonepo kaye.

Tsopano pankhani yomwe mukukangana m'nyumbamo, pepani, bambo awina. Malawi ili ndi lamulo la Pesticides Act la chaka cha 2000, ndipo bungwe loyang'anira ndi Pesticides Control Board, ambiri amangoti PCB, likulu lake lili ku Bvumbwe. Mankhwala aliwonse ophera tizilombo, kaya a kumunda kaya a mphemvu m'khitchini, amayenera kulembetsedwa kumeneko asanayambe kugulitsidwa, woitanitsa kuchokera kunja amafuna chilolezo, wogulitsa naye amafuna laisensi, ndipo mankhwalawo akhale mu botolo lake lenileni lokhala ndi lebulo. Mnyamata wanu uja walephera zonsezi pakamodzi. Zoti amagulitsa masanasana si umboni kuti nzololedwa, ndi umboni chabe kuti misika ndi yambiri kuposa oyendera, kanyamata ka chikwama kumsana ukakagwira pa Ndirande lero mawa kali ku Limbe.

Lebulo ija anthu timaiona ngati chokongoletsa koma ndi pomwe pali nkhani yonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linagawa mankhwalawa m'magulu potengera ukali wake: Ia ndi oopsa kopitirira, Ib oopsa kwambiri, kenako II, III, mpaka gulu la U lomwe sakuyembekezera kuti lingapweteke munthu akaligwiritsa ntchito moyenera. Ndiye mabotolo ambiri mukayang'ana kumunsi mupeza mzere wa mtundu, wofiira ndiye woopsetsa, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira. Wofiira nthawi zambiri pamakhalanso kachigaza ndi mafupa. Zofiirazo anapangira munthu wovala magolovesi, magambutsi ndi chophimba kumphuno ali kumunda, osati mayi wa chitenje akuwaza ndi tsache m'chipinda cha windo limodzi momwe ana agone usiku womwewo. Venda akatsanulira mukabotolo ka mafuta odzola mzere uja watsala kubotolo lalikulu, mlingo watsala komweko, dzina loti muuze adokotala latsalanso komweko. Dichlorvos mwachitsanzo, yemwe amakonda kutsanulidwa chonchi pankhani ya nsikidzi, ali mu gulu Ib.

Tameki ndiye musayandikire nkomwe. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, Temik linali dzina lamalonda, ali mu gulu Ia, ndipo sanapangire makoswe, anapangira tizilombo ta m'nthaka kumunda. Timibulu takuda tija timaoneka ngati tosaopsa, mwana wokwawa akatola kansima komwe mwatchera khoswe kuseri kwa kabati ndiye maliro amenewo. Abale athu ali ku Joni akudziwa zomwe zinachitika ku Naledi, Soweto, mu Okutobala 2024, ana 6 anamwalira ndipo kafukufuku anapeza terbufos, mankhwala ena a kumunda a gulu Ia omwe ankagulitsidwa m'misewu ngati a makoswe. Zinafika poti pulezidenti Cyril Ramaphosa analankhula ku mtundu wonse mu Novembala chaka chomwecho. Malonda ake ndi omwewa a mnyamata wanuyu, kungosiyana msika.

Mapiritsi a chimanga aja, aluminium phosphide, akakumana ndi chinyontho amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine, ndipo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa ofukiza nkhokwe zikuluzikulu zotsekedwa bwino. Ife matumba timaunjika kuchipinda komwe timagona poopa akuba, ndiye taganizani mpweyawo ukutuluka usiku wonse zitseko zili zotseka. Chiphe chimenechi chilibe mankhwala ochibweza. Anankafumbwe gulirani mankhwala a ufa olembetsedwa monga Actellic kwa agro-dealer wa laisensi, mutsate mlingo wapapaketi.

Nanga nsikidzizo? Ndakhalapo m'nyumba yotero ine, ndikudziwa tulo take. Zimabisala m'misoko ya matiresi, m'ming'alu ya bedi ndi khoma, ndipo kutentha zimakuopa kwambiri. Wiritsani madzi muthire m'malumikizidwe a bedi, zofunda muviike m'madzi otentha, matiresi atuluke padzuwa, ming'alu mumate, pakatha sabata mubwerezenso chifukwa mazira amakhala asanaswe. Mukafuna owaza gulani m'shopu, osatsegulidwa, olembedwa kuti ndi a m'nyumba, muone tsiku lothera ntchito, ana alowe mpweya utapita. Muwauzenso alandilodi, chifukwa ngati nyumba zili zogundizana mukawaza nokha zimangosamukira kwa aneba nkubwerera.

Kabotolo kaja musatsanulire mungalande kapena kutsuka nkusungiramo mchere. Katsekeni, kakulungeni mu jumbo, kakhale pamwamba posafika mwana mpaka tsiku lomwe mukupita nako kuchipatala.