Yankho la azakhali pa chithunzi cha agogo

Eee moni nonse m'gulu muno. Iwe mwana wa achimwene, ndamva funso lako la chithunzi chija wachipeza m'sutikesi, cha mnyamata wovala zausilikali, ukuti kodi ndi agogo ako ndipo anamenya nkhondo iti. Ndi iwowo mwanawe, bambo anga amenewo, taona makutuwo ndi ako omwe.

Si nkhondo ya Apwitikizi ayi, ija inatha ufulu tinalandira kuno ku Mozambique pa 25 Juni 1975 iwo akadali kamnyamata. Yawo ndi inabwera pambuyo, ya zaka 16 ija, ya Frelimo ndi Renamo. Ndipo sanachite kufuna, nthawi imeneyo tropa, kulowa usilikali, inali yokakamiza, ankangogwira anyamata m'misika ndi m'misewu, zija ankati tira camisa, kukuvula malaya kuti ukathawa uoneke. Iwo anawatengera pa Ulongwe pompano atapita kukagulitsa mbatata ya kachewere, amayi ali ndi pakati pa bambo ako, thumba linatsala pamsika anabwera nalo ndi aneba.

Ife tinatsala ndi amayi. Mu Okutobala 1985 anapha ansembe athu awiri ku Chapotera kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi bambo Sílvio Moreira, ndiye anthu anati ngati afika popha ansembe nanga ife ndani. Sipanapite nthawi tinawoloka kupita ku Dedza, usiku, ine nditabereka bambo ako kumbuyo ndili mwana ndekha. Kumeneko ndi komwe tinaika kamng'ono kanga kaja kanamwalira ndi chikuku, abambo osadziwa, uthenga ukanawapeza kuti?

Mtendere anasainirana ku Roma pa 4 Okutobala 1992 koma iwo anafika 1994, asilikali a ONUMOZ, osungitsa mtendere a United Nations aja, atatolera mfuti. Anabwera ndi khasu, ndowa, timbewu, ataonda zedi moti amayi anayamba aima kaye pakhomo kuwayang'anitsitsa. M'thumba la malaya munali kolona, mikanda ina inaduka kalekale kutchire ndiye m'malo mwake anamangamo mfundo za ulusi wa saka kuti Tikuoneni Mariya akwanebe khumi. Kolona imeneyo ili ndi ine kuno.

Za kunkhondo sankakamba, olo pang'ono. Ukafunsa ankangoti zinapita zimenezo, tiye ukatunge madzi. Koma ife tinkaona, zaka zoyamba ankagona chokhala atatsamira chitseko, ndipo pa Chaka Chatsopano anyamata akayamba kuphulitsa zophulitsa zija iwo ankazemba kukakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka kuti zii. Amayi ankawatsatira ndi tiyi osanena kanthu. Amayi aja analimba mtima, anthu amangotama abambo koma ine ndimati nkhondo anamenya awiri.

Ntchito anayamba pachigayo, kenako atatsegula fakitale ya fodya ku Tete anapita kukalembedwa. Munthu wozolowera chisanu cha kuno kukakhala m'ng'anjo ya ku Tete ija, ha! Ankatsitsa mabelo m'magalimoto, pambuyo pake anawaika pa lamba pomwe fodya amadutsa, kumachotsa zinyalala, timapulasitiki, tizingwe, tsiku lonse chiimire. Fodya wake womwewu timalima kuno ku Angónia ndi ku Macanga. Zovala zikabwera amayi ankachapa kawiri fungo osachoka, chonsecho iwo ndudu sanaikepo pakamwa moyo wawo wonse. Mwezi ukatha ankakwera chapa, minibasi zathu zija, kudzera ku Moatize, kukhotera pa Mussacama, kufika kuno madzulo ali ndi shuga, sopo ndi nsomba zouma za ku Chicoa zokulunga m'nyuzipepala. Sizoni ikatha ankabwerera kumunda. Ndalama imeneyo ndi yomwe inaphunzitsa bambo ako ndi azakhali ako aang'ono, inagulanso malata a nyumba mumafikiramo ija.

Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, sanafunepo udindo, koma kumphakati kukagwa maliro woyamba kufika ndi khasu kumanda anali iwo. Ndipo pa 4 Okutobala paliponse, kaya Lachiwiri kaya Lachisanu, ankavala jekete yawo imodzi ija kupita ku Misa m'mamawa, akabwerako n'kupha nkhuku. Limenelo ndiye linali tsiku lawo, kuposa Khirisimasi.

Ndiye mwanawe chithunzicho usachiike pa Facebook usanafunse agogo ako aakazi, iwo ndi amene anachibisa m'sutikesimo, abambo ankafuna kuchiwotcha. Ukamabwera pa holide ubwere nacho bwinobwino m'envelopu, tidzakhale nawo pansi madzulo, mwina iwe mdzukulu adzakuuza zomwe ife ana sanatiuze. Wapereke moni kwa amayi ako.