Kudziwa ululu wa wodwala amene sathanso kulankhula

Achemwali, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji ngati mayi anu akumva kupweteka, poti matenda oiwalaiwala afika poti salankhulanso. Thupi lawo ndi lomwe likuuzeni. Anamwino ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa PAINAD, womwe umaona zinthu 5: kapumidwe, kubuula, nkhope, mmene thupi lakhalira, ndiponso ngati munthu akutonthozeka mukamugwira kapena kumulankhula. Chilichonse chimapatsidwa mapointi 0 mpaka 2, onse pamodzi osapitirira 10; mapointi akachuluka ndiye kuti ululu ndi waukulu.

Ine ndimaona kuti nthawi yabwino yoonetsetsa ndi pomwe mukuwatembenuza kapena kuwasambitsa. Akachita tsinya, kukukuta mano, kapena kukankha dzanja lanu, musafulumire kunena kuti ayamba nkhanza. Kawirikawiri umakhala ululu: mwina zilonda za pabedi, mwina kudzimbidwa, ngakhale dzino lenilenili, lomwe ambiri sitiliganizira n'komwe.

Lembani zomwe mwaona n'kukauza adokotala. Nthawi zambiri amayamba ndi panado womwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wafika. Morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, musamuope. Akaperekedwa pa muyezo wake amathandiza kwambiri, kungoti amadzimbitsa, choncho pemphani ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Mayi anu akamavutika kumeza musawakakamize chakudya, angatsamwe. Muzingowanyowetsa milomo ndi kansalu koyera konyowa.