Musayambe ndi Abigail, yambani ndi bwalo la milandu

Mwandilembera kuti sewero la The Crucible, lolembedwa ndi Arthur Miller, mwaliwerenga kawiri, koma aphunzitsi akubwezerani pepala ati mwangosimba nthano. Mfundo yanu inali yoti Abigail ndi woipa, Proctor ndi wabwino, ndiye mukufunsa kuti mwalakwa pati.

Simunaname ayi, koma mwaigwira kumchira. Mtsikana wabodza amapezeka m'mudzi uliwonse, koma si mudzi uliwonse umene umanyonga anthu chifukwa cha bodza lakelo. Ku Salem, m'dera la Massachusetts, mu 1692 ananyonga anthu 19, ndipo Giles Corey anamuunjikira miyala pachifuwa mpaka kufa. Funso loti pepala lanu liyankhe ndi ili: bodza la ana linapeza kuti mphamvu yotere?

Yankho lili m'chigawo chachitatu, pakamwa pa Danforth, wachiwiri kwa bwanamkubwa, amene akuweruza milanduyi. Iye akuti ufiti ndi mlandu wosaoneka ndi maso, mboni zake ndi ziwiri zokha, mfiti ndi wolodzedwa. Mfiti singadzinenere yokha, choncho khoti limvere wolodzedwa. Onani msampha wake. Wokana mlandu anyongedwa, wovomera apulumuka, koma kuvomera kwake kulandiridwa pokhapokha atchule anzake. Tituba, kapolo wa m'busa Parris, ndiye woyamba kugwamo. Akukana, akumuopseza kuti amukwapula mpaka kufa, ndiye akuvomera n'kuyamba kutchula mayina. Abigail waima pomwepo akuonerera. Waona ndi maso ake kuti amene amati alangidwe chifukwa chovina kunkhalango wasanduka wokondedwa wa Mulungu pongotchula anthu, ndipo nayenso akudzuka n'kuyamba. Njirayo sanaitulukire yekha, amupatsa ndi akuluakulu.

Mukamvetsa zimenezi, munthu aliyense m'seweroli mumufunse chinthu chimodzi: bwaloli likumupatsa chiyani, kapena likumulanda chiyani? Thomas Putnam akufuna malo. Giles akubweretsa umboni woti Putnam anauza mwana wake kuti atchule George Jacobs, podziwa kuti wonyongedwa amalandidwa munda ndipo wandalama zogulira ndi iye yekha. Mkazi wa Putnam, Ann, anaika m'manda makanda asanu ndi awiri, ndipo akufuna womuloza chala. Rebecca Nurse, amene anabereka ana 11 n'kuona zidzukulu 26, akumuwawa m'maso. Ann musamulembe ngati mfiti ina. Ndi mayi wolira amene chisoni chake chapeza khomo loipa. Parris akuopa kuchotsedwa pa mpingo, munthu wokangana ndi nkhosa zake za mapaundi 6 a nkhuni. Danforth akuteteza ulemu wa khoti: m'chigawo chomaliza akukana kuimitsa chilango chifukwa anthu 12 anyongedwa kale, ndipo kukhululukira otsalawo kungaonetse kuti oyambawo anafa ulele.

Za Proctor ndiye ndikutsutsani kotheratu. Kumutcha wabwino basi n'kuliphera seweroli mchere. Ndi bambo wapabanja amene anagona ndi Abigail, wantchito wa m'nyumba mwake wazaka 17. Abigail anamuuza ali awiriwiri kuti zovina zija sizinali za ufiti, koma iye anakhala chete masiku angapo poopa kuti chigololo chake chiululika, uku anthu akumangidwa. Hale, m'busa wobwera kudzafufuza za ufiti, atamuuza kuti atchule malamulo khumi, anatchula onse n'kuiwala limodzi, la chigololo lomwelo, mpaka mkazi wake Elizabeth kumukumbutsa. Atalimba mtima n'kuulula m'khoti, analumbira kuti mkazi wake sanamapo chibadwire. Elizabeth analowetsedwa, Proctor atatembenuzidwa kuti asaonane naye maso, ndipo ananama koyamba pofuna kuteteza dzina la mwamuna wake. Bodza la chikondi limenelo ndilo linamaliza onse. Malo amenewa ndi ofunika kuposa ena onse, ndipo ophunzira ambiri amangowadumpha pothamangira pomwe Proctor akung'amba chikalata chake chovomera ufiti.

Ndidutseko pang'ono pa chinthu chimene chimasokoneza owerenga a kwathu kuno. Ena amathera masamba awiri akukangana ngati ufiti ulipo kapena kulibe. Seweroli silikufunsa zimenezo. Rebecca ndi Hale onse ndi okhulupirira, ndipo Hale anabwera kuchokera ku Beverly atasenza mabuku olemera ofufuzira Satana. Chimene chinamutembenuza, atasaina kale zikalata za imfa 72, ndi kuona mmene umboni ukuyendera. Ife tikudziwa mmene zimakhalira mwana akatchula agogo ake, ndipo lamulo la Malawi la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Chidziwitso chimenecho chikuthandizeni kumva mantha a ku Salem, koma pepala likhale la Salem.

Chenjeraninso ndi mbiri. Arthur Miller anasintha zinthu dala. Abigail weniweni anali wazaka pafupifupi 11, Proctor pafupifupi 60, ndipo chibwenzi chija n'chopeka. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku New York mu 1953, nthawi imene ku America ankasaka anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, m'masiku a wandale Joseph McCarthy, ndipo woitanidwa ankadziyeretsa potchula anzake. Miller mwiniwake anaitanidwa mu 1956 nakana kutchula aliyense. Izi zikwane ziganizo ziwiri. Mukazichulutsa ndiye kuti mwalemba phunziro la mbiri.

Kalembedwe kake

Ndime iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu: mfundo yotsutsika, malo amodzi m'seweroli, ndi kufotokoza mmene malowo akutsimikizira mfundoyo. Kusimba nthano kumayamba mukasiya chachitatucho. Tengani chidole chimene chinamangitsa Elizabeth. Mary Warren, wantchito wa kwa Proctor, anachisoka ali m'khoti, anabaya singano pamimba pake kuti isatayike, Abigail ali pambali pake akuona, kenako anapatsa Elizabeth. Usiku womwewo Abigail anapezeka ndi singano pamimba. Wosimba nthano amalekera pamenepo. Inu muwonjezere kuti chinthu chokha chogwirika ndi manja m'milandu yonseyi chinali chokonzedwa, ndipo Mary atafotokoza chilungamo chake, Elizabeth anamangidwabe maunyolo. Ndime zinayi zotere zikwana: ya Tituba, ya chidole, ya bodza la Elizabeth, ndi ya anthu 91 amene anasaina kalata yoikira kumbuyo Elizabeth, Rebecca ndi mkazi wa Giles, Danforth n'kulamula kuti onsewo agwidwe akafunsidwe.