Kodi nane ndinyanyale nawo ntchito?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mayi wa ku Mangochi, ndimakhala ku Rosettenville. Ndimakolopa pa chipatala china cha boma kuno ku Johannesburg, koma anandilemba ndi akampani yoyeretsa. Anzanga a NEHAWU, bungwe loimira ogwira ntchito, akuti akadzayamba sitiraka yofuna malipiro ndidzavine nawo toyi-toyi pageti. Boma likakweza, kodi nane ndidzaona kusintha?

YANKHO: Achemwali, yang'anani kaye pepala lanu la malipiro. Dzina limene lili pamwambapo ndiye bwana wanu. Malipiro a ogwira ntchito m'boma amakambirana ku khonsolo ya PSCBC, komwe boma limakumana ndi mabungwe a antchito, ndipo zimene agwirizana kumeneko zimafika kwa okhawo olembedwa ndi boma. Mu 2023, mwezi wa Malichi, NEHAWU inanyanyala ikufuna 10 peresenti. Pambuyo pake boma linamvana ndi mabungwe ena pa 7.5 peresenti. Olembedwa ndi makampani sanali m'gulumo.

Kulowa bungwe ndi ufulu wanu, gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati wantchito aliyense, silinena za mtundu. Lowani ndithu, ine ndingakulimbikitseni. Koma sitiraka ndi nkhani ina. Tsiku lomwe simunagwire salipira, komanso ntchito zambiri za m'chipatala lamulo silizilola kuima. Mu 2023 muja khoti linaletsa sitiraka ya NEHAWU m'zipatala. Mukangojomba chifukwa anzanu akuimba panja (nyimbozo zimakoma, ndikudziwa), kampani ikhoza kukuimbani mlandu wothawa ntchito.

Funsani woimira bungwe pamalopo ngati amalandira antchito a makampani. Ndipo ngati mukulandira ndalama zosafika pa mlingo wotsikitsitsa wa boma, womwe unakhala R28.79 pa ola mu Malichi 2025, kadandauleni ku CCMA, ofesi yomva madandaulo a pakati pa antchito ndi mabwana awo, salipiritsa.