Mwana wanga akufuna kukhala ngati mayi wa mu Titanic uja: yankho kwa mayi a ku M'baluku

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku M'baluku kuno ku Mangochi. Mwana wawo wamkazi wa zaka 19 analemba mayeso a MSCE, wakhala akuchita zisudzo kusukulu kuyambira Fomu 1, ndipo akuti akufuna kudzakhala ngati Kate Winslet. Mchimwene wake atalemba dzinalo pa foni, zomwe zinatuluka ndi tizidutswa ta mafilimu momwe mzimayiyo wavula. Bambo a m'nyumba anapsa mtima, n'kulamula kuti nkhani ya zisudzo ithe pakhomopo. Funso la mayiwa ndi lakuti, kodi mzimayi ameneyu ndi wa mafilimu olaula, nanga mwanayo amuletse?

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Funso loyambalo yankho lake ndi ayi, koma mantha anuwo sindikuwanyoza, chifukwa ali ndi maziko.

Kate Winslet anabadwa mu 1975 ku Reading, m'dziko la England. Ambirife tinamudziwa kudzera mu Titanic, filimu ya 1997 yomwe inadzaza mavidiyo shoo kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay. N'zoona kuti m'menemo muli pomwe anavula kuti mnyamata uja amujambule chithunzi, ndipo anavulanso m'mafilimu ena angapo, monga Little Children ya 2006 ndi The Reader ya 2008. Iye sabisa zimenezo. Koma mwana wanu wamwamuna anaona masekondi ochepa odulidwa m'filimu ya maola awiri, ndipo amene anadulayo sanasankhe malowo kuti inu mumve nkhani yake.

Tengani The Reader ija, yomwe inam'patsa mphoto ya Oscar mu 2009, atapikisanapo kale kasanu osapambana. Amasewera ngati Hanna Schmitz, mzimayi wa ku Germany amene anali mlonda wa akaidi m'nthawi ya Hitler. Nkhondo itatha anazengedwa mlandu chifukwa cha azimayi ambiri amene anapsera m'tchalitchi chokhoma alonda osawatsegulira. M'khothi, anzake anamukankhira mlandu wonse, amvekere ndiye analemba lipoti la usiku umenewo. Woweruza anamuikira pepala ndi cholembera kuti aone kalembedwe kake. Hanna anayang'ana pepalalo, nkhope n'kuuma, kenako anangovomera kuti analemba ndi iye. Chonsecho sankadziwa kulemba ngakhale kuwerenga. Analolera ndende ya moyo wonse kusiyana n'kuti anthu adziwe zimenezo. Amene munaonapo gogo akuti “ndaiwala magalasi” pomwe am'patsa fomu kuti asaine, manyazi amenewo mukuwadziwa. Hanna anali wolakwa ndithu, filimuyo simuyeretsa, koma Winslet anachititsa kuti woonera amuone ngati munthu. Mphoto anailandirira luso limenelo. Filimu yolaula ilibe chomwe imasimba, cholinga chake ndi thupi basi. Iyi ndi nkhani yolemera ya anthu akuluakulu, ndipo ana sayenera kuionera.

Chomwe ine ndimalemekeza kwambiri mwa mzimayiyu n'chakuti amatha kukana. Titanic itangotuluka, nyuzipepala za kwawo zinkamuseka kuti ndi wonenepa, ali mtsikana wa zaka 22 zokha. Mu 2021, ali ndi zaka 45, anasewera ngati wapolisi wotopa ndi moyo mu Mare of Easttown. Wotsogolera filimuyo atamulonjeza kuti adula pomwe pakuoneka mimba yake yotuluka, iye anakanitsitsa, ati thupi la mayi wa msinkhu wake lioneke momwe lilili. Munthu wotere ndi amene amalamula za thupi lake pa ntchito, ndipo mphamvu imeneyo anaipeza patapita zaka zambiri, dzina litakula.

Ena sanakhale ndi mwayi umenewo, ndipo apa mpomwe bambo akunyumbawo akulondola. Maria Schneider wa ku France anali ndi zaka 19, msinkhu womwewo wa mwana wanu, pomwe anasewera ndi Marlon Brando mu Last Tango in Paris mu 1972. Wotsogolera filimu, Bernardo Bertolucci, anapangana ndi Brando za momwe gawo lina la kugwiririra lichitikire, mtsikanayo osauzidwa zonse, kuti kamera igwire manyazi ake enieni. Bertolucci anadzavomera yekha pambuyo pake. Schneider ananena kuti anadzimva wonyazitsidwa, ndipo bala limenelo anakhala nalo mpaka anamwalira mu 2011. Nayenso Salma Hayek analemba mu 2017 kuti Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu ku America, anamukakamiza kuikamo gawo lovula mu filimu ya Frida, apo ayi filimuyo aitseka. Lupita Nyong'o wa ku Kenya, mwana wa mu Africa muno, naye anafotokoza chaka chomwecho momwe Weinstein yemweyo anamuvutitsira akadali wophunzira.

Nkhani zimenezi zitaphulika m'pamene zinthu zinayamba kusintha. Kuyambira 2018 kampani ya mafilimu a pa TV ya ku America ya HBO imaika munthu wapadera pa malo ojambulira, ntchito yake kuonetsetsa kuti wosewera sakukakamizidwa pa gawo lililonse lovula kapena logwirana. Malamulo a bungwe la osewera ku America, SAG-AFTRA, amati chilichonse chokhudza kuvula chilembedwe pa pepala lakelake, kutchula chomwe chioneke ndi chomwe chisaoneke, ndipo wosewera alilandire maola 48 tsiku lojambula lisanafike. Pojambulapo amatulutsa aliyense wosafunikira. Taonani kuchuluka kwa mipanda yomwe anthu olemera, okhala ndi maloya awo, anafunika kudzimangira. Mtsikana wa ku M'baluku wongoyamba kumene alibe ngakhale umodzi mwa mipanda imeneyi.

Choncho ndinene mosapsatira: sindingalangize mtsikana aliyense wa kuno kuvula pa kamera, kaya nkhaniyo ikhale yabwino chotani. Kwathu kuno kachidutswa kamodzi kakangolowa pa WhatsApp, kafika pa msika, kumzikiti, kutchalitchi ndi kwa apongozi tsiku lomwelo, ndipo palibe wofufuta. Ndife dziko lomwe lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza mpaka 1993, ndipo mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi pamsewu chifukwa cha thalauza lomwelo. Zimenezo zinali nkhanza, ndipo zimandiwawa kufikira lero, koma zikutionetsa amene amalipira mtengo nkhani ya thupi ikabuka. Wojambula amapitiriza moyo wake, mtsikana ndiye amasowa poyenda.

Komabe kumuletsa zisudzo chifukwa cha zimenezi kungakhale kumulanga pa mlandu womwe sanapalamule. Mafilimu a ku Malawi safuna zimenezo, ndipo tili ndi bungwe la boma lounika mafilimu lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Shemu Joyah anajambula The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi ndi momwe alendo okaona nyanja asinthira miyoyo ya anthu, ndipo Flora Suya anasewera mwaluso m'menemo. Mu 2017 anatulutsa The Road to Sunrise, yosimba za atsikana oyendayenda a mu Blantyre, nkhani yovuta ndithu, koma inafotokozedwa mwaulemu mpaka kulandira mphoto ya Africa Magic ku Nigeria. Joyce Mhango Chavula analandira mphoto yomweyo mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Awa ndi anthu oti mwana wanu awadziwe, ndipo bambo ake awaonere.

Choopsa chenicheni chili pafupi kuposa Hollywood. Ndi mwamuna amene amalemba pa Facebook kuti akufuna atsikana a mu filimu, kenako n'kupita ku inbox kukapempha zithunzi “kuti aone thupi ngati likuyenera”, kapena kuitanira mtsikana yekha ku chipinda cha loji ku Makawa madzulo. Wopanga filimu weniweni amayesa osewera masana, pa holo, anthu ambiri alipo, ndipo amapereka nkhani yolembedwa kuti munthu aiwerenge asanavomere. Mwana wanu asatumize chithunzi chomwe sangathe kukuonetsani inu. Asapite yekha koyesedwa, atenge azakhali ake kapena mchimwene wake yemwe uja. Asasaine pepala lomwe sanabwere nalo kunyumba kuti muwerengere limodzi, ndipo pepalalo linene ndalama zomwe alandire, masiku ojambula ndi zomwe sadzachita. Wina akamuopseza kuti afalitsa zithunzi zake, lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, ndipo nkhaniyo mukaitule ku Victim Support Unit ya polisi.

Musanakambirane ndi bambo ake, khalani naye pansi mwanayo mumufunse chomwe anakonda mwa Kate Winslet. Ndikukhulupirira kuti akuuzani za kasewero, momwe munthu amalirira kapena kukwiyira pa kamera mpaka woonera n'kuiwala kuti ndi sewero. Mukamva yankho lake ndi makutu anu, mupite ndi bambowo kukaonera gulu lake likamayeserera, akaone okha anthu amene mwana wawo akucheza nawo ndi zomwe amachita kumeneko.