Mfuti mulibe, galimoto mulibe: nanga owonera achita bwanji nthumanzi?

Achimwene ena a ku Rosettenville, kuno ku Joni, anditumizira imelo. Iwo ndi anzawo akufuna kujambula filimu yaifupi ndi foni, nkhani ya mnyamata amene watumidwa kukasiya katundu kwa transipota wopita ku Lilongwe, osadziwa kuti m'katundumo muli chiyani. Akufunsa kuti: "Tilibe ndalama za mfuti kapena galimoto zothamangitsana. Kodi filimu yoimitsa mtima ingatheke ndi zovala zathu zomwezi komanso chipinda chathu chomwechi?"

Ingatheke achimwene, ndipo zimene muli nazozo n'zokwanira. Owonera amachita nthumanzi akamadziwa chinthu chimene munthu wa m'filimuyo sakuchidziwa. Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu oimitsa mtima, ankapereka chitsanzo cha bomba lobisidwa pansi pa tebulo. Likangophulika, anthu amadzidzimuka kamodzi n'kutha. Koma mukawaonetseratu bombalo, kenako anthu awiri n'kukhala patebulopo kumacheza nkhani wamba, owonera amakhala mtima uli m'mwamba nthawi yonseyo. M'filimu yake ya Rope ya 1948, mtembo uli m'bokosi pabalaza, alendo akutengera chakudya pamwamba pa bokosi lomwelo, ndipo nkhani yonse ikuchitikira m'nyumba imodzi.

Choncho mtima wa filimu yanu ndi chikwama cha katunduyo. Tengani chija cha mizeremizere chimene timachiona mulu ku Park Station, chifukwa aliyense wa ife anachinyamulapo. Mnyamatayo asanafike, kamera ione manja a munthu wina akusokerera kanthu m'kati mwa bulangeti n'kuliika pansi penipeni. Kenako chipatseni chizindikiro: zipi yoduka, yomangidwa ndi kansalu kofiira. Chikakaunjikidwa pakati pa zinzake zofanana nacho, maso a owonera adzayamba okha kusaka kansaluko. Ndipo zipiyo izing'ambika pang'onopang'ono. Pokwera takisi yatseguka pang'ono, potsika ngodya ya bulangeti yayamba kuonekera. Mnyamatayo akuseka pa foni ndi mayi ake a ku Ntcheu, ife tsembwe lili waa. Filimu ya Tsotsi, imene inajambulidwa konkuno ndipo inapata mphoto ya Oscar mu 2006, inagwira anthu ndi chinthu chotchipa chonchi: khanda lonyamulidwa m'thumba lapepala.

Pa zovala, ganizani za nyengo ya kuno. Jekete lalikulu mu June palibe amalidabwa, tonse timakhala titadzikutira. Jekete lomwelo, lotsekedwa mpaka m'khosi masana a December, limadzutsa funso. Koma chovala chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi chija chimene ambiri a ife timagwirira ntchito: ovolosi ya m'munda, yunifolomu ya mlonda, epuloni ya m'nyumba. Munthu wovala zimenezi amadutsa pageti za anthu olemera ku Sandton popanda womuyang'ana kumaso. Ndi zowawa, tonse tikuzidziwa, ndipo filimu yanu ili ndi ufulu wozigwiritsa ntchito. Woipa wanu muvekeni ovolosi yothimbirira ndi dothi, koma kuphazi akhale ndi nsapato zodula zopukutidwa bwino. Kamera itsike kuphaziko kamodzi kokha. Owonera adzadziwa kuti ameneyu sanagwirepo fosholo, pamene mnyamata wanu akumutsegulira chitseko n'kumamutchula kuti malume.

Muzijambula chithunzi cha zovala mukamaliza gawo lililonse. Batani limene linali lomasuka Loweruka lino likhale lomasukabe Loweruka linalo.

Za malo, ena adzakuuzani kuti pitani ku Ponte, nsanja ija ya ku Berea ya nyumba zosanjikizana 54 yokhala ndi dzenje pakati. Ndi yochititsa mantha ndithu, koma simukuifunikira. Joni ndi mzinda wa maloko. Geti lapanja, geti lachitsulo pakhomo, zitsulo pamawindo, waya wamagetsi pamwamba pa mpanda, zonsezi anaziika kuti wakuba asalowe, ndipo n'zomwenso zingalepheretse munthu kuthawa. Chipinda chakuseri cha khomo limodzi ndi malo abwino kwambiri. Koyambirira kwa filimu, zinthu zili bata, tionetseni kuti loko wa pageti amavuta, kiyi amafuna kumugwedezagwedeza kaye. Musachulutse mawu pamenepo. Nthawi yothawa ikadzafika, owonera adzakumbukira lokoyo mnyamatayo asanafike n'komwe pageti. Magetsi akazima, musiyireni tochi ya foni yokha, ndipo tione kuti batire yatsala pang'ono kutha. Kungoti nkhope izioneka; mdima wa bii pa kamera ya foni umangotopetsa maso.

Pomaliza ndikupempheni ndi mtima wonse: mfuti yachidole musatuluke nayo pamsewu. Mlonda wa kampani ya zachitetezo kapena wapolisi amene akukuonani patali sadziwa kuti ndi sewero. Yunifolomu ya polisi nayonso isiyeni, kuivala popanda chilolezo ndi mlandu kuno. Ngati nkhani ikufuna wapolisi, kugogoda kwamphamvu pachitseko ndi mawu ochokera panja zikukwanirani. Mukafuna kujambula pamsewu kapena pamalo a anthu ambiri, yambani mwafunsa za chilolezo ku Gauteng Film Commission, bungwe loona za mafilimu m'chigawo chino, ndipo a landilodi muwauziretu tsiku lojambula kuti kukuwa kwa usiku kusaitanitse apolisi enieni.