Vezel, HR-V ndi XR-V: musagule dzina, yambani mwaona nambala ya chasisi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ina ku Namwera, ndipo amatsikira kuno ku boma la Mangochi kawiri kapena katatu pa mwezi. Funso lawo, ndikalifupikitsa, lili motere. Wogulitsa galimoto wina wawatumizira zithunzi za Honda Vezel ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) ya chaka cha 2014. Alamu awo amene ali ku Joni akuti imeneyo ndi HR-V yomweyo imene iwo amayendetsa, ndipo asadere nkhawa za sipeya chifukwa azidzatumiza pa basi. Koma mwana wawo atafufuza dzina la HR-V pa intaneti wapeza galimoto ina yaikulu, yosafanana n'komwe ndi ya pa zithunzi zija. Akufunsa kuti akunena zoona ndani, nanga galimotoyo ingapirire chitunda cha ku Namwera?

Mayi, palibe amene wakunamizani mwa atatuwa, koma mukatsata mawu a aliyense payekha mukhoza kutaya ndalama zambiri. Kampani ya Honda inapereka mayina atatu kwa galimoto imodzi, kenako inadzapereka dzina limodzi kwa galimoto ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo chonse chagona pamenepo.

Dzina la HR-V ndi lakale, linayamba m'chaka cha 1998 pa kagalimoto kena ka makona kamene kanasiya kupangidwa mu 2006, ndipo kameneko sikakukhudzani. Imene mukuonetsedwayo inatuluka ku Japan mu Disembala 2013 ndi dzina loti Vezel, ndipo inamangidwa pa maziko a Honda Fit, yomwe ija yadzaza m'misewu yathu. Mwachidule ndi Fit imene anaikweza, naikulitsa thupi pang'ono mpaka kutalika pafupifupi mamita 4.3. Thanki ya mafuta ili pansi pa mipando yakutsogolo monga ilili pa Fit, n'chifukwa chake mipando yakumbuyo imatha kugona pansi kwathunthu kapena kupindikira m'mwamba, moti matumba a chimanga kapena beseni lalikulu la usipa limalowa popanda kulimbana nalo. Galimoto yomweyi itapita ku South Africa, ku Ulaya, ku America ndi ku Thailand inatchedwa HR-V. Ku China makampani awiri ogwirizana ndi Honda anagawana: GAC Honda inkaigulitsa ngati Vezel, pamene Dongfeng Honda inaisintha nkhope n'kuitcha XR-V. Za ku China ndi za ku America zili ndi chiwongolero chakumanzere, choncho kwa ife kuno zilibe ntchito kwenikweni.

Alamu anu akulondola pa thupi la galimoto. Pamene asokonezeka ndi pa zimene zili pansi pa boneti, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Vezel ya ku Japan ya m'badwo umenewu ilipo mitundu inayi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chizindikiro chake kumayambiriro kwa nambala ya chasisi. RU1 ndi ya petulo yokoka ndi matayala akutsogolo, RU2 ndi ya petulo yokoka ndi matayala onse anayi, RU3 ndi ya hybrid ya matayala akutsogolo, ndipo RU4 ndi ya hybrid ya matayala onse. Zonse zili ndi injini ya malita 1.5, koma giyabokisi ndi yosiyana kotheratu. Za petulo zili ndi CVT, imene ilibe magiya owerengeka koma imagwiritsa ntchito lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Za hybrid zili ndi giyabokisi ya magiya 7 yokhala ndi makilachi awiri ouma (osamizidwa mu oyilo), ndipo mota ya magetsi ili m'kati mwake momwemo. Kunja zimaoneka ngati za otomatiki zonse, phazi lanu silipeza kilachi pena paliponse, koma m'kati mwa hybrid muli kilachi yeniyeni imene kompyuta ikuponda ndi kusiya m'malo mwanu.

Tsono taganizirani ulendo wanu wobwerera kunyumba. Mwawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, mwayamba kukwera zitunda za ku Chowe, ndi mwezi wa Okutobala dzuwa lili pa liwombo, ndipo kutsogolo kwanu kuli thiraki yodzaza katundu yopita ku Chiponde imene ikukwawa ngati nkhono m'makhotakhota momwe simungaipitirire. Munthu woyendetsa galimoto ya magiya a pamanja amadziwa zimene zimachitika akamakwawa pa chitunda phazi lili theka pa kilachi: posakhalitsa amamva fungo lopserera. Kilachi youma ya RU3 ndi RU4 imakumana ndi zomwezo, makamaka batire ya hybrid ikatsika mphamvu, injini n'kuyamba kukoka yokha pa liwiro lochepa. Ikatentha kwambiri, pa dashibodi pamabwera chenjezo, ndipo mumayenera kuima pa malo abwino kuti izizire. Izi sizichitika ulendo uliwonse, ndipo alipo ambiri amene ayenda nazo zaka osadandaula. Koma msewu wanuwo ndi umene umafika pa chofooka chenicheni cha giyabokisi imeneyi, ndipo inu mudzaukwera mwezi ndi mwezi.

Chaka cha 2014 chimene wogulitsayo watchula chikundiwonjezera nkhawa. M'chaka chimenecho Honda inaitanitsa kangapo galimoto za Fit ndi Vezel za hybrid ku Japan kuti ikonze pulogalamu ya kompyuta yolamulira giyabokisi ndi injini. Zambiri zinakonzedwa konko, koma galimoto yopangidwa pa nthawiyo tsopano yadutsa zaka khumi, batire yake ya lithium-ion nayo yakalamba, ndipo ikadwala sikuti makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango angaigwire. Pamafunika makina owerengera kompyuta ndi munthu amene anatsegulapo giyabokisi yoteroyo, ndipo kawirikawiri zimenezi zimatanthauza ulendo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe galimoto ili pamsana pa inzake.

Sindikukana kuti hybrid imasunga mafuta. Pa mayeso a ku Japan inalembedwa kuti imayenda mpaka makilomita 27 pa lita imodzi, pamene ya petulo inalembedwa pafupifupi makilomita 20. Ziwerengero zimenezo n'za m'chipinda choyesera, ndipo pa misewu yathu, eyakoni ili yoyaka, simudzazifika pa mtundu uliwonse. Kusiyanako kumaoneka kwambiri m'tauni momwe mumaimaima, chifukwa ndi pomanga mabuleki pamene batire imadzidzaza. Munthu wokhala ku Lilongwe amene amakhala pa mzere wa galimoto m'mawa ndi madzulo ndingamumvetse akaisankha, ngakhale kukwawa kwa pa mzereko nakonso kumatopetsa kilachi. Kwa inu, amene ulendo wanu waukulu ndi chitunda ndi msewu wautali, phindu lake ndi locheperapo kuposa mmene wogulitsa angakuuzireni.

Tibwerere kwa alamu anu ndi sipeya za pa basi. HR-V imene inayamba kugulitsidwa ku South Africa mu 2015 inabwera ndi injini ziwiri za petulo, ya malita 1.5 ndi ya malita 1.8, ndipo panalibe ya hybrid. Ndiye ngati mutagula RU3, pa giyabokisi, pa batire ndi pa mota ya magetsi galimoto ya alamu anu siingakhale chitsanzo choyitanitsira kanthu. Ngakhale ya 1.5 ya kumeneko si injini imodzi ndi ya Vezel ya petulo. Ya ku Japan imapopera mafuta molunjika m'silinda ndi mphamvu yaikulu, pamene ya ku Joni ndi ya kapangidwe kakale kopopera mafuta m'njira yolowera mpweya, ndipo mphamvu zake n'zochepera pang'ono.

Izi ndinaziphunzira ndi ndalama zanga. Ine ndimayendetsa RU1, ndipo nthawi ina ndinatuma mphwanga amene amagwira ntchito ku Joni kuti andigulire mapulagi anayi. Ndinangomuuza kuti ndi a HR-V ya 1.5, iye anapita pa shopu ina nanena zomwezo, ndipo anamupatsa zimene anapempha. Patatha masabata atatu kaphukusi kanafika, katakulungidwa bwino m'kati mwa bulangete la azakhali. Makaniko wanga anamasula pulagi imodzi yakale, naiika pa chikhatho pambali pa yatsopano, ndipo sanayankhule kanthu, anangonditambasulira dzanjalo. Yakale inali yowonda ya mazinga aatali, yatsopano yonenepa ya mazinga afupi. Mapulagi amenewo adakali m'kabati mpaka lero, ndipo wolakwa ndinali ine amene ndinayitanitsa ndi dzina m'malo mwa nambala. Zinthu zina za thupi ndi za kumiyendo zikhoza kugwirizana pakati pa galimoto ziwirizi, koma chilichonse muzitsimikiza ndi nambala ya chasisi komanso nambala yolembedwa pa chitsulo chakalecho musanatumize ndalama.

Nambala imene ndikunenayi siivuta kuipeza. Galimoto yopangidwira msika wa m'dziko la Japan ili ndi nambala yaifupi, yoyamba ndi zilembo monga RU1 kapena RU3, kenako kamzere ndi manambala asanu ndi awiri. Yogulitsidwa ku South Africa, ku Ulaya kapena ku America ili ndi nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 17. Imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komata pa galimotopo, imadindidwanso pa thupi lake, ndipo iyenera kufanana ndi ya pa mapepala onse, kuyambira a pa doko la Dar es Salaam, a MRA pa Songwe, mpaka bulubuku. Ngati galimotoyo idakali ku Japan, pemphaninso pepala la ku okushoni. Mukaona chilembo R kapena RA pamalo olemba giredi, dziwani kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Mwana wanu naye sanalakwe. Mu 2021 kunatuluka m'badwo watsopano wa Vezel, umene nambala zake ndi RV3 mpaka RV6, ndipo ku Ulaya, ku South Africa ndi maiko ambiri a ku Asia umatchedwabe HR-V. Koma ku America, kuyambira 2022, dzina la HR-V linapatsidwa kwa galimoto ina yaikulupo, yomangidwa pa maziko a Civic, ya injini ya malita 2.0, imene ku Japan ndi ku Ulaya imagulitsidwa ngati ZR-V. Masamba ambiri a pa intaneti amalembedwera anthu a ku America, n'chifukwa chake imeneyo ndiyo inayamba kuonekera pa foni ya mwanayo. Ndiwonjezere kuti hybrid ya m'badwo watsopanowu, yotchedwa e:HEV, inasiya giyabokisi ya makilachi awiri ija ndipo nthawi zambiri imayenda ndi mota ya magetsi, injini ikungopanga magetsiwo. Nkhawa zanga za pa chitunda sizikuikhudza, koma mtengo wake ndi msonkho wake ndi nkhani ina.

Mwina wogulitsayo adzakuuzani kuti ngati mukuopa chitunda mutenge ya matayala onse anayi. Msewu wa M3 wokwera ku Namwera ndi wa phula, ndipo chimene chimavuta pamenepo si kuterera. Chodabwitsa n'chakuti ya matayala onse ndi yotsikirapo: pansi pake pali mpata wa mamilimita 170, pamene ya matayala akutsogolo ili ndi 185. Pa msewu wa fumbi wokumbika pakati, kapena pa miyala ya njira zolowera m'midzi, mpata umenewo ndi umene umateteza thanki ili pansi pa mpando wanu. Ndingasankhe RU2 pokhapokha ngati sukulu yanu ili kutali ndi phula ndipo nthawi ya dzinja mumalimbana ndi matope, kapena ngati mumapita kawirikawiri ku Makanjira ndi m'mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Ngakhale apo, musaitenge ngati Land Cruiser, chifukwa nthawi zambiri imakoka ndi matayala akutsogolo, n'kumatumiza mphamvu kumbuyo pokhapokha pakafunika, monga akutsogolo akayamba kuterera.

Kuyankha funso lanu mosazungulira, ine ndikanakhala inu ndikanaisiya hybrid ya 2014, n'kufunafuna RU1 ya petulo, makamaka ya kuyambira 2016 pamene zina zinayamba kubwera ndi zida zochenjeza ngozi zotchedwa Honda Sensing, ngati thumba lingalole. Nayo ili ndi zofuna zake zimene simuyenera kuzinyalanyaza. CVT yake imafuna oyilo wake wotchedwa HCF-2, ndipo wina akathiramo oyilo wamba wa giyabokisi ya otomatiki, lamba uja amayamba kuterera ndipo kukonza kwake n'kugula giyabokisi ina. Injini imafuna oyilo wopepuka wa 0W-20. Ndipo popeza imapopera mafuta ndi mphamvu yaikulu kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, petulo wa m'zigubu amene timathamangira mafuta akasowa pa filing'i siteshoni ndi mdani wake, chifukwa kamchenga kapena madzi pang'ono zimawononga pampu ndi mainjekita.

Pali zinthu ziwiri zazing'ono zimene zidzakudabwitsani tsiku loyamba. Wailesi ya ku Japan imagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 kapena 95, choncho nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno simudzazimva mpaka ataikamo kachipangizo kowonjezera kapena mutasintha wailesi yonse, zomwe zimachotsanso vuto la zilembo za Chijapani pa sikirini. Chachiwiri n'chachikulupo: mukatsegula pansi pa buti, Vezel zambiri za ku Japan zilibe tayala la sipeya, muli kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi, ndipo pa hybrid malo apansiwo mwakhala batire. Kabotoloko kamathandiza msomali ukabaya, koma tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje, usiku, pakati pa Chowe ndi Namwera, sikangakuchitireni kanthu. Muikiretu pa bajeti tayala lathunthu ndi limu yake, jeke ndi sipanala, ndipo zikhale m'galimoto isanachoke kwa wogulitsa.

Musanapereke dipoziti, auzeni akutumizireni chithunzi cha nambala ya chasisi chojambulidwa pa galimoto penipenipo, osati yolembedwa pa WhatsApp ndi dzanja, ndipo alamu anu nawo ajambule ya galimoto yawo pamodzi ndi injini boneti ili yotsegula. Mukanditumizira zithunzi zimenezo pa imelo yomweyi, ndidzakuuzani mtundu umene mukuonetsedwa komanso sipeya zimene alamu anu angakutumizireni zoti n'kulowadi.